Mafunso a Owerenga: Mpando wa mu Ofesi Woyenera Munthu Wamtali

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 41 ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe. Ndine wamtali mamita 1.93. Chaka chatha abwana anatigulira tonse mipando yatsopano yofanana, yakuda, yooneka ngati yachikopa, yokhala ndi potsamira pofika mpaka kumutu. Anzanga akuikonda, koma ine ikamakwana 3 koloko masana chiuno chimakhala chikundiwawa, ndipo ndikaukweza mpandowo mawondo amagunda kunsi kwa tebulo. Abwana andilola kuti ndisankhe mpando wina. Kodi ndiyang'ane chiyani kuti ndisaonongenso ndalama za kampani? Wowerenga wa ku Limbe.

YANKHO: Bambo, musanalowe m'sitolo iliyonse, bwerekani tepi yoyezera kwa telala kapena kwa kalipentala, pakuti mpando wokuyenerani udziwika ndi miyezo iwiri ya thupi lanu, ndipo ogulitsa ambiri sadzakufunsani za miyezo imeneyi. Khalani pa benchi kapena pa mpando wolimba wathabwa mutavala nsapato zimene mumapita nazo kuntchito, miyendo itaima chilili kuchokera m'mawondo kutsika, mapazi ataponda pansi monse, ndipo mnzanu ayeze kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo. Umenewo ndiwo msinkhu umene pokhalira pa mpando wanu payenera kufikapo inu mutakhalapo kale, siponji itaphwa ndi kulemera kwanu. Kwa munthu wa msinkhu wanu muyezo umenewu umakhala pafupifupi masentimita 50 kapena kupitirira pang'ono, pamene mipando yambiri ya mu ofesi imayambira cha pa masentimita 42 ndi kulekezera cha pa 52. Izi zikutanthauza kuti mpando wamba umayamba kukukwanirani pamene wafika kumapeto kwenikweni kwa kukwera kwake, ndipo yotchipa yambiri siifikako n'komwe. Funani mpando umene umakwera mpaka masentimita 55, kuti mukhale ndi malo osinthira.

Kuwawa kwa chiuno kumene mwafotokozaku kumachokera pamenepa. Munthu wamtali akakhala pa mpando waufupi, mawondo amakwera kuposa chiuno, mafupa a m'chiuno amapendekera kumbuyo, ndipo msana wa m'munsi, umene mwachibadwa umapindikira pang'ono m'kati, umakhotera kunja ngati uta. Ntchafu zimakhala m'malere osagona pa mpando, choncho thupi lonse limalemerera pa mafupa awiri a m'matako ndi pa msana wokhotawo kwa maola ambiri. Pokhala bwino, chiuno chimafanana msinkhu ndi mawondo kapena kuwapitirira pang'ono, ntchafu zikutsetserekera kutsogolo pang'onopang'ono.

Muyezo wachiwiri ndi umene anthu ambiri amauiwala, ndipo ine ndimauona kuti ndiwo umasiyanitsa mpando wa munthu wamtali ndi mipando ina yonse. Mukadali chikhalire, msana utagunda khoma, mnzanu ayeze kuchokera kukhomako kufika kuseri kwa bondo, kenako muchotsepo masentimita 5. Yankho lake ndilo kuya kwa pokhalira kumene mukufunika, ndiko kuti mtunda wochokera potsamira kufika kumlomo wa mpando. Mipando yambiri imakhala ndi masentimita 40 mpaka 45, pamene ntchafu zazitali ngati zanu zimafuna pafupifupi 50. Pokhalira pakafupika, gawo lalikulu la ntchafu limatsala panja ndipo munthu amamva ngati wakhala pa kampando ka m'kalasi ya ana. Pakatalikanso mopitirira, mlomo wa mpando umatsina mitsempha ya kuseri kwa bondo ndipo miyendo imachita dzanzi. Poyesa m'sitolo, khalani mpaka matako afike kumbuyo kwenikweni, ndipo pakati pa mlomo wa mpando ndi kuseri kwa bondo palowe zala ziwiri kapena zitatu. Mipando ina yabwino ili ndi kachitsulo kunsi kokokera pokhalira kutsogolo kapena kumbuyo. Ngati ndalama za kampani zingakwanire chinthu chimodzi chokha choonjezera, ndingakulangizeni kusankha chimenechi.

Za potsamira, mpando umene muli nawo panopo ukukupusitsani ndi kutalika kwake. Mipando yotereyi, imene anthu amaitcha ya abwana, imasokedwa ndi timitumbira tiwiri tosasuntha, kena kochirikiza msana wa m'munsi, kena kochirikiza khosi, ndipo tonse tinaikidwa molingana ndi munthu wa msinkhu wapakati. Pa thupi lanu, ka m'munsi kamagwera m'matako, ndipo ka m'mwamba kamagunda pakati pa mapewa n'kumakukankhirani kutsogolo tsiku lonse. Funani potsamira pamene chochirikiza msana wa m'munsi chimakwezedwa ndi kutsitsidwa, ndipo muchiike pa mzere umene lamba wa thalauza amadutsa kapena pamwamba pake pang'ono. Chotsamiritsa mutu si chofunika kwa munthu amene amalemba ndi kuwerengera tsiku lonse, ndipo ngati sichifika kumbuyo kwa mutu wanu ndi bwino kusankha mpando wopanda chimenechi. Poika mikono pazikwera kufika pa zigongono mapewa ali omasuka. Chenjeraninso ndi mipando yolembedwa kuti ndi ya anthu akuluakulu matupi: yambiri mwa iyo anaikulitsa m'mbali ndi kuilimbitsa chifukwa cha anthu olemera, ndipo munthu wamtali koma wowonda akakhalapo amapeza poika mikono patalikirana kwambiri, msinkhu wa mpando uli womwe uja.

Ndionjezepo mawu pang'ono pa nsalu, popeza mwatchula chikopa. Zambiri zimene zimagulitsidwa ngati chikopa ndi pulasitiki womatidwa pa nsalu, amene amatenthetsa thupi m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala ndiponso amasupuka pakapita nthawi. Potsamira pa nsalu yonga ukonde pamapitisa mphepo, ndipo kwa amene amagwira ntchito ku Nsanje, ku Mangochi kapena ku Salima kusiyana kwake n'kwakukulu.

Tsopano nkhani ya mawondo ogunda tebulo, imene mpando watsopano sungathe kuithetsa pawokha. Matebulo ambiri a mu ofesi ndi aatali masentimita 72 mpaka 76, ndipo ena ali ndi dirowa yapakati kapena thabwa lopingasa kunsi limene limadya malo a ntchafu. Mukakweza mpando kufika pa muyezo wanu, tebulo loterolo limakhala lalifupi, ndiye mumakakamizika kuutsitsanso, vuto lija n'kubwerera ngakhale mpando uli wodula. Yambani mwakonza mpando, kenako tebulo litsatire: mutakhala bwino, mikono itagwa m'mbali ndipo zigongono zitapindika, pamwamba pa tebulo pafanane ndi zigongonozo, zimene kwa inu zingakhale cha pa masentimita 78 mpaka 80. Sipafunika kugula tebulo lina. Kalipentala angathe kudula zidutswa zinayi za thabwa lolimba zokhuthala masentimita 5 mpaka 8, n'kuzigoba pakati kuti miyendo ya tebulo ilowemo osaterereka, ndipo dirowa yapakati angaichotse. Sikirini ya kompyuta nayo ikwere mpaka mzere wake wa pamwamba ufanane ndi maso anu, italikirane nanu ngati kutalika kwa mkono wotambasula. Paketi imodzi ya mapepala 500 a A4 imakhuthala pafupifupi masentimita 5, ndipo mapaketi awiri kapena atatu amagwira bwino ntchito imeneyi. Ngati mumagwiritsa ntchito laputopu, ikwezeni chimodzimodzi ndipo mupemphe kiyibodi ndi mausi yapadera.

Musachite manyazi popempha zimenezi, chifukwa lamulo la dziko lino la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito limapereka udindo kwa olemba ntchito woteteza umoyo wa antchito awo. Popita kusitolo tengani tepi ndi pepala la miyezo yanu, yezani mpandowo nokha, ndipo mukhalepo mphindi 15 musanavomere, pakuti siponji yofewa imakoma pa mphindi yoyamba koma imaphwa msanga n'kudya masentimita amene mukuwafunawo.

FUNSO: Ndine mayi wamtali mamita 1.82 ndipo ndimalemba makalata pa ofesi ina ku Mzuzu. Mpando wanga unali bwino, koma tsopano ndikaukweza m'mawa, pofika masana umakhala utatsika wokha mpaka pansi. Ofesi ilibe ndalama zogulira wina. Mchimwene wanga akuti tipite nawo kwa owotcherera zitsulo kuti akaumange pamwamba. Kodi zimenezi n'zoyenera? Wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Mayi, chonde musaupititse kwa owotcherera. Chitsulo chapakati chimene chimakweza ndi kutsitsa mpando, chimene ogulitsa amachitcha gas lift, chili ndi mpweya wa nayitrojeni wopanikizidwa mwamphamvu m'kati mwake, ndipo kuchiotcha, kuchiboola kapena kuchidula kungachiphulitse n'kuvulaza munthu. Mpando ukutsika chifukwa zotsekera za m'kati mwa chitsulocho zatha ndipo mpweya sukugwiranso. Chitsulo chimenechi sichikonzedwa, chimangosinthidwa, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mpando wathunthu. Pa mipando yambiri sichimangidwa ndi mabawuti. Chimangolowetsedwa mothina kumwamba ndi kunsi, ndipo mmisiri amachigulula ndi sipanala ya mapaipi ndi nyundo ya labala. Tengani chakalecho popita kukagula kuti mufanizire kukula kwake, ndipo popeza ndinu wamtali, funsani ngati pali chotalikirapo ndi masentimita ochepa, makamaka cholembedwa Class 4, chimene ndi cholimba kuposa cha Class 3. Musatenge chachitali kwambiri cha mipando ya pakauntala, chifukwa mpando ukakwera mopitirira muyezo sukhazikika, ndipo mpando uliwonse wa matayala uyenera kukhala ndi miyendo isanu kuti usagubuduzike.

Podikira ndalama, pali njira imene simaononga kanthu. Kwezani mpando kufika pamene mukufuna, yezani gawo lonyezimira la chitsulo limene laonekera, dulani paipi ya pulasitiki ya madzi yotalika chimodzimodzi, muing'ambe m'litali mbali imodzi, n'kuiveka pa chitsulocho. Mpando sudzatsikanso, ngakhale kuti simudzathanso kuusintha msinkhu.

Ngati zonsezi zakanika, mpando wathabwa wopangidwa ndi kalipentala pa miyezo iwiri ya thupi lanu imene ndafotokoza m'yankho loyamba lija, wokhala ndi siponji yolimba komanso potsamira popendekera kumbuyo pang'ono, udzakusungirani msana bwino kuposa mpando wa matayala umene watsikira pansi.

FUNSO: Ndimakhala ku Johannesburg ndipo ndimagwirira ntchito kunyumba. Ndaona mpando wogwiritsidwapo kale ntchito wa Herman Miller Aeron ukugulitsidwa pa intaneti. Ndine wamtali mamita 1.90. Kodi ndiugule? Wowerenga wa ku Johannesburg.

YANKHO: Bambo, Aeron ndi mpando wolimba umene kampani ya Herman Miller ya ku America inayamba kugulitsa mu 1994, koma musatumize ndalama musanadziwe saizi yake. Mpandowu umapangidwa m'masaizi atatu, A, B ndi C, ndipo pokhalira pake sipakokedwa kutsogolo kapena kumbuyo, choncho saizi ikalakwika palibe chokonza. Yambiri imene imachokera m'maofesi ndi ya saizi B, pamene munthu wa msinkhu wanu kawirikawiri amakwanira pa C. Pisani zala kuseri kwa mlomo wa pamwamba wa potsamira, ndipo mudzamva timadontho totumphuka: kamodzi ndi A, tiwiri ndi B, titatu ndi C. Pokhalira pake pali mkombero wolimba wa pulasitiki umene umadinda ntchafu ngati mpando wachepa, ndiye pitani mukakhalepo nokha, muonenso ngati ukonde wa pokhalira ndi potsamira pake sunang'ambike kapena kulobodoka. Mukapeza kuti ndi B, yang'ananiko mpando wina wotchedwa Steelcase Leap, umene pokhalira pake pamakokedwa.

FUNSO: Mwamuna wanga ndi wamtali kwambiri ndipo wasintha mipando kawiri, koma msana ukumuwawabe ngakhale usiku atagona. Waonda, ndipo mwendo wina ukumachita dzanzi. Kodi tigule mpando wamtundu wanji? Wowerenga wa ku Kasungu.

YANKHO: Mayi, zimene mwafotokozazi zandidetsa nkhawa, ndipo ndikukupemphani kuti muimitse kaye zogula mpando, mupite nawo bambowo kuchipatala sabata ino. Kuwawa kochokera ku mpando kumachepa munthu akaimirira, akayendayenda kapena akagona. Kuwawa kumene kumapitirira usiku, pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi kapena thukuta la usiku, kungakhale chizindikiro cha matenda ena, kuphatikizapo chifuwa chachikulu cha m'mafupa a msana, chimene chimapezeka m'dziko muno ndipo chimachizika ndi mankhwala chikadziwika msanga. Dzanzi la mwendo limasonyeza kuti mtsempha wina ungakhale ukupanikizika. Yambirani pa chipatala cha boma cha m'dera lanu, muwafotokozere adokotala zizindikiro zonse monga mwandilembera, ndipo iwo ndi amene angawatumize ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ngati pakufunika kuwajambula msana kapena kuonana ndi madokotala a mafupa. Koma miyendo ikayamba kufooka, kapena akayamba kulephera kusunga mkodzo kapena chimbudzi, kapena kuchita dzanzi pakati pa ntchafu, musadikire kuti kuche, pitani nawo nthawi yomweyo.