Za mawu oti charge amene asokoneza mwana wanu

Achemwali, mwati mwana wanu wa Fomu 3 anapatsidwa chiganizo choti "The clinic will charge you two dollars for the card" kuti apeze mawu ena olowa m'malo mwa charge. Iye anatsegula foni, n'kupeza accuse, n'kulemba, aphunzitsi n'kumuthetha. Ndiye mukufunsa kuti popeza dikishonale ikuvomereza, aphunzitsiwo akukana chiyani. Aphunzitsi sanalakwe ayi. Accuse amagwirizanadi ndi charge, koma kupolisi, osati kukiliniki. M'chiganizo chimenecho akanalemba bill, kapena kungoti "ask you to pay".

Ifenso zoterezi tili nazo. Munthu akati mtengo wa tomato wakwera ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare kuno ku Zimbabwe, palibe amene amayang'ana kumwamba kufunafuna nthambi. Chiganizo ndicho chimatiuza mtengo umene ukunenedwa, ndipo Chingerezi chimayendanso chimodzimodzi.

Chimene chingamuthandize mwanayo n'kudziwa kumene mawuwa anachokera. Angerezi anawatenga kwa Afalansa, ndipo Afalansawo anawatenga ku Chilatini, ku mawu oti carrus, kutanthauza ngolo. Car, cargo ndi carry amachokeranso komweko. Poyamba charge kunali kupakira katundu m'ngolo, basi. Matanthauzo enawa anamera pamenepo: kusenzetsa munthu ngongole, kumusenzetsa mlandu, kumusenzetsa udindo, kudzaza batire. Akagwira mfundo ya kusenzetsayi, sadzafunikanso kuloweza mndandanda wautali wa m'foni uja.

Pa ndalama ndi pamene pali ntchito, chifukwa Mngerezi amasintha mawu malinga ndi amene akulandira ndalamayo. Imene mumapatsa kondakitala mu kombi ndi fare. Mukailemba kuti fee pamayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso a sukulu, mwataya malikisi, chifukwa fee ndi ya sukulu, ya dokotala kapena ya loya. Ya pageti la ZINARA, bungwe loona za misewu, mukamapita kumudzi kudzera ku Nyamapanda, ndi toll. Mukafika pabodapo, ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, ikaona katundu wanu, imeneyo ndi duty. Bilu ya khonsolo imene anthu amakalipira ku maofesi a khonsolo a Rowan Martin ili ndi rates, ndipo mtengo wa yuniti imodzi ya magetsi, umene bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta la ZERA limavomereza, ndi tariff. Levy ndi kandalama koikidwa ndi lamulo kuti kagwire ntchito inayake: amene muli pantchito yolembedwa yang'anani pa payslip, mupeza AIDS levy, 3 peresenti ya msonkho wanu, ndipo pa kapepala ka tokeni ya magetsi ya ZESA pali ina yothandiza kufikitsa magetsi kumidzi.

Ndiime pang'ono pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, poti timakonda kunena kuti "tumizani ndi machaji omwe". Zimene zimadulidwa pamenepo n'ziwiri. Pali charge yeniyeni, malipiro a kampani chifukwa chokutumizirani ndalama, ndiye pali msonkho wa boma wa pa ndalama zotumizidwa, wotchedwa IMTT, umene unayamba kukhala 2 peresenti mu Okutobala 2018, nduna ya zachuma Mthuli Ncube atangolowa kumene. Pocheza tingazitchule zonse machaji, palibe vuto, koma mwana akamalemba adziwe kuti china ndi charge, china ndi tax. Fine ndiye ayisiyanitse kwambiri. Chimenecho ndi chindapusa, munthu amalipira chifukwa walakwa, osati chifukwa wagula kanthu.

Kupolisi nkhani yake ndi ina. Tonse timakwera makombi a ku Chitungwiza pa Charge Office, ndipo ana ambiri amaganiza kuti dzinalo likunena za kulipiritsa. Dzinalo linabwera chifukwa cha polisi ya Harare Central imene ili pomwepo. Charge office ndi chipinda cha kutsogolo pa polisi iliyonse, kumene mumakadandaula ndiponso kumene munthu wogwidwa amalembedwa m'buku. Apa ndi pamene accuse wa mwana wanu uja amagwira ntchito, komabe mawu awiriwa si amodzi ndendende. Aliyense angathe kuchita accuse, ngakhale neba wanu pa nkhani ya nkhuku yosowa. Charge amachita ndi apolisi ndi oimira boma pamilandu, ndipo pamakhala pepala, charge sheet, lonena lamulo limene akuti mwaphwanya. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amati munthu womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48.

Chinanso chimene chimandipweteka ndikamawerenga ndemanga pa Facebook: nyuzipepala ikalemba kuti munthu "has been charged with theft", anthu amayamba kale kumutcha mbava. Mawuwo akungonena kuti akuimbidwa mlandu, ukazengedwa kukhoti la ku Rotten Row kapena kukhoti lina. Akapezeka wolakwa amati convicted, akapezeka wosalakwa amati acquitted. N'chifukwa chake atolankhani amabwerezabwereza allegedly mpaka kutopetsa, amaopa kusumiridwa.

Timawu ting'onoting'ono totsatira ndito timagwetsa ana ambiri. Pa ndalama ndi charge for, pa mlandu ndi charge with, koma accuse amatenga of. Ndiye "charged for the window" ndi kulipiritsidwa galasi, pomwe "charged with breaking the window" ndi mlandu woswa galasilo. Kulemba "accused with" kapena "charged of" n'kulakwa, ngakhale kuti mumsewu timazimva tsiku lililonse.

Pa udindo, mwaonapo sister in charge kuwodi ku chipatala cha Parirenyatwa, kapena officer in charge papolisi. Ameneyo ndi mkulu wa pamalopo, ndipo mawu oyandikana nawo ndi responsible for, kapena head, kapena supervise. Koma taonani msampha: "The nurse is in charge of the child" ndiye kuti namwino akuyang'anira mwana, pomwe "The child is in the charge of the nurse" ndi mwana amene ali m'manja mwa namwino. Kamawu ka the kokhako katembenuza woyang'anira kukhala woyang'aniridwa. Pa ofesi ya kazembe, kazembeyo akachokapo, wogwirizira amatchedwa chargé d'affaires, mawu omwewa koma ali m'Chifalansa chawo. Discharge nayenso ndi wa banja lomweli, kutsitsa katundu: wodwala akatulutsidwa m'chipatala, kapena batire likatha moto.

Za kutchaja foni sinditaya nthawi, magetsi akazima tonse timathamangira kwa amene ali ndi sola. Mawu ena ake ndi recharge kapena power up. Njati kapena njovu ikakuthamangirani kumalo osungira nyama zakutchire a Mana Pools imatinso charge, ndipo pamenepo mawu olowa m'malo ndi rush at kapena attack.

Mwanayo muuzeni kuti asanasankhe mawu aliwonse m'foni, ayambe wafunsa kuti m'chiganizomo akusenzetsedwa ndani, nanga akusenza chiyani: ndalama, mlandu, udindo kapena moto. Akasankha, awaike m'chiganizomo n'kuwerenga mokweza. "The clinic will accuse you two dollars" akanamva yekha kuti sizikumveka. Ngati n'kotheka mupezereni dikishonale ya ophunzira, monga Oxford Advanced Learner's kapena Longman, chifukwa imapatsa tanthauzo lililonse nambala yake ndi chiganizo chachitsanzo. Zakale zimapezeka kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa misewu m'tauni, ndipo yakaleyo imagwira ntchito bwinobwino.