Kwa mayi a ku Luchenza: opaleshoni ya bambo omwe ali ndi pacemaker

Mayi, mwafunsa ngati bambo anu, omwe anaikidwa pacemaker (kachipangizo koikidwa pachifuwa kothandiza mtima kugunda bwino) ku India, angachitidwe opaleshoni ya phudzi konkuno ku Thyolo. Opaleshoniyo ndi yotheka, koma pempho langa n'lakuti musadikire tsiku lolowa m'fiyeta kuti munene za kachipangizoka.

Choopsa si mpeni ayi, koma makina a diathermy amene madokotala amawotchera timitsempha kuti magazi asiye kutuluka. Makinawa amadutsitsa magetsi m'thupi, ndipo pacemaker ikamva magetsiwo imatha kuyesa kuti mtima ukugunda wokha, n'kuyamba yaima; kwa munthu amene mtima wake umadalira kachipangizoka nthawi zonse, ngakhale masekondi ochepa ndi oopsa. Mwayi wa bambowo ndi wakuti phudzi lili kumunsi kwa mchombo, kutali ndi chifuwa, choncho chiopsezo chimachepa kwambiri, makamaka ngati chomata chobwezera magetsi achiika pantchafu kuti magetsiwo asadutse pamtima, ndipo akuwotcha modukizadukiza. Palinso diathermy ya bipolar, imene magetsi ake amangothera pansonga za chida.

Funani khadi lomwe anapatsidwa atawaika kachipangizoka, lolembedwa kampani yomwe inakapanga, kaya ndi Medtronic kapena ina, ndipo mukalionetse kwa dokotala wogonetsa odwala pamodzi ndi buku lakuchipatala. Khadili ndi lofunika chifukwa si zonse zoikidwa pachifuwa zimene zimafanana. Maginito akaikidwa pa pacemaker wamba, kawirikawiri imagunditsa mtima pa liwiro limodzi osasokonezedwa ndi magetsi ena, pamene pa ICD, kachipangizo kena kamene kamapereka shoko mtima ukasokonekera kagundidwe moopsa, maginito amangoletsa shoko yodzutsa mtimayo. Zimenezi ndi ntchito ya ogonetsa, inu musayesere kunyumba.

Ngati papita miyezi yoposa 12 pacemaker isanaunikidwe, kapena miyezi 6 ikakhala ICD, pemphani kuti iunikidwe kaye kuti batire ndi mawaya zidziwike mmene zilili, ngakhale zitafuna kalata yopitira ku Gulupu ku Blantyre. Ndikudziwa kuti thiransipoti ndi yodula, komabe phudzi lomwe silikuwapweteka likhoza kudikira ulendo umenewu. Likatupa mwadzidzidzi, likawawa kwambiri kapena akayamba kusanza, pamenepo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati bambowo akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena aspirin, asasiye okha, dokotala ndiye awauze chochita. Akatuluka m'fiyeta, funsani ngati kachipangizoka kanasinthidwa kagwiridwe kake, ndipo ngati kanasinthidwa, kabwezeretsedwe asanatuluke m'chipatala.