Musamate sunroof ndi silikoni, madzi ali ndi njira yake

Achimwene, mwati mvula ikagwa kapeti ya kumapazi kutsogolo ikumanyowa, nsalu ya kudenga yayamba mawanga achikasu, ndipo wina wakuuzani kuti mungomata sunroof yonse (galasi lotseguka la padenga la galimoto) ndi silikoni. Chonde musatero. Nthawi zambiri vuto silikhala pagalasipo ayi.

Sunroof sanaipange kuti itsekereze madzi onse. Labala wozungulira galasi amangowachepetsa, ena amadutsa ndithu n'kugwera m'kangalande kamene kali kunsi kwake. M'makona a kangalandeko muli timabowo, kawirikawiri tinayi, kalikonse ndi kapaipi kake. Timapaipi takutsogolo timatsika mkati mwa mizati ya m'mbali mwa galasi lakutsogolo, n'kukatayira pafupi ndi matayala kapena pomwe chitseko chimagwirira. Takumbuyo timakatayira kuseri kwa matayala akumbuyo. Fumbi, timasamba ndi maluwa zikaundana mmenemo, madzi amadzaza n'kusefukira mkati. Mukamata pamwamba, chotsekacho chatsala momwemo, ndipo sunroof yanu siidzatsegukanso bwino.

Imikani galimoto pamalo afulati, tsegulani sunroof, pukutani zinyalala zonse ndi kansalu konyowa. Kenako thirani madzi a m'kapu pang'onopang'ono pakona imodzi, wina asuzumire pansi. Akatuluka mwachangu, njirayo ili bwino. Akangoti phee, kapena akamadontha limodzilimodzi, mwapeza pamene pali matenda.

Potsegulapo ndi pamene ambiri timalakwitsa. Ine ndinalowetsamo waya wa hang'ala, ndinabowola kapaipi mkati mwa mzati, mpaka amakaniko anachita kutsitsa nsalu ya kudenga kuti akasinthe. Zinandiwawa kwambiri chifukwa inali ntchito yaing'ono. Gwiritsani ntchito chingwe cha nayiloni chija cha makina otchetchera udzu: n'chofewa, chimapindika chokha m'makona. Lowetsani modekha uku mukupotoza, chikakana musachikakamize. Mphepo ya kompulesa nayo muisamale, ikachuluka mphamvu imazula kapaipi polumikizira, ndiye madzi onse azingokhuthukira mkati inu osaona. Onaninso kothera kunsi kuja. Galimoto zina zimakhala ndi kalabala kopanikizana milomo kumapetoko, ndipo matope amakonda kuuma pamenepo. Mukakafinya ndi zala mudzaona matope akuda onunkha akutuluka, madzi n'kutsatira.

Ngati madzi akutsika bwino koma mkati mukunyowabe, mwina kapaipi kanazuka kale kapena kanang'ambika. Pamenepo pitani kwa makaniko wodziwa kumasula zamkati, chifukwa m'mizati ndi m'mbali mwa denga la galimoto zambiri mumakhala ma airbag, matumba a mpweya aja amene amafufuma pangozi kuti ateteze anthu.

Kapetiyo musaisiye kuti iuma yokha. Kunsi kwake kuli siponji yokhuthala imene imasunga madzi masabata, pamwamba pakuoneka pouma. Mawaya amadutsa momwemo, ndipo m'galimoto zina timakompyuta timakhala pansi pa mipando. Chinyontho chikafika pamenepo mumayamba kuona mawindo akukana kutsika, nyali zochenjeza zikuyaka zokha, kuwonjezera fungo la nkhungu ndi dzimbiri. Itukuleni, finyani siponjiyo, siyani zitseko zotsegula padzuwa mpaka kapeti ndi siponjiyo ziume kwenikweni.

Ine ndimatsuka timabowoto kawiri pachaka, makamaka mvula isanayambe, ndipo ndimapaka girizi wa silikoni pang'ono m'njanji momwe galasi limayenda. Ngati mumaimika pansi pa mtengo, muzionamo pafupipafupi kuposa pamenepo. Mukayesa ndi kapu ija mutiuze kona imene yakana kutulutsa madzi.