Mtima unaima atabayidwa jakisoni wa dzanzi: kodi chipatala tingachisumire?

Mayi, mwalemba kuti amuna anu anawabaya mankhwala otchedwa bupivacaine kuti mkono uchite dzanzi asanawachite opaleshoni, posakhalitsa anati m'makutu mukulira, anayamba kuphiriphitha, mtima n'kuima. Anatsitsimuka, koma ubongo unavulala. Pepani kwambiri.

Ndisakubiseni, kuima kwa mtimako pakokha si mlandu. Mankhwalawa amatha kulowa mumtsempha ngakhale dokotala atasamala chotani. Chimene khoti limafunsa n'chakuti: kodi dokotala wodziwa ntchito yake akanachita zomwe anachita ameneyu? Muyezo umenewu unachokera pa mlandu wa Bolam wa ku England mu 1957, ndipo makhoti a mayiko ambiri amautsatirabe.

Nkhani yanu yagona pa mphindi zimene zinatsatira. Chithandizo chodziwika ndi mafuta oyera ngati mkaka, Intralipid wa 20%, amene amathandiza kuchotsa mankhwalawo mumtima. Amayamba ndi 1.5 ml pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kenako diripi, osapyola 12 ml pa kilogalamu, uku akupopa pachifuwa, mwina mpaka kupitirira ola. Si zachilendo ayi: dokotala wa ku America Guy Weinberg anaziwonetsa pa makoswe mu 1998, za munthu woyamba kupulumuka nazo zinalembedwa mu 2006, ndipo bungwe la madokotala ogonetsa odwala la Britain ndi Ireland linatulutsa malangizo mu 2007. Tsono ngati botolo la mafutawo anachita kukalisaka kufamase, kapena kunalibiretu, pamenepo pali pogwira.

Lembani kalata yopempha failo yonse, makamaka tchati cha wogonetsa. Mmenemo ndi mmene muli kulemera kwa bambo, mlingo wa mankhwala, nthawi imene mtima unaima ndi nthawi imene mafutawo analowa. Ndaonapo matchati olembedwa mawa lake ndi cholembera china. Zoterozo loya amazikonda. Achipatala akakana kupereka failoyo, khoti litha kuwalamula.

Mudzafunikanso dokotala wina wogonetsa, wosakhudzidwa ndi chipatalacho, woti achitire umboni kuti kuchedwako ndiko kunavulaza ubongo. Popanda iyeyu chipukuta misozi n'chovuta kupeza.

Kudandaula ku bungwe loyang'anira madokotala ndi njira ina. Ilo limalanga dokotala, koma ndalama zimachokera kukhoti kapena pa mgwirizano. Musasaine pepala lililonse loti nkhani yatha loya asanaliwerenge. Nthawi yosumira ili ndi malire, m'mayiko ambiri zaka 3, kwina zochepera apo, choncho kalata ya failoyo ipite sabata ino.