Yankho kwa azakhali pa za kunenepa kwa msuweni

Azakhali, ndamva funso lanu loti n'chifukwa chiyani msuweni wanga wanenepa chonchi chiyambireni kumwa olanzapine, pamene mnzake wa ku Chitakale amene akumwa mankhwala omwewo sanasinthe thupi, ndiponso ngati zimenezi zili za kumtundu. Za kumtundu zilimo ndithu, koma chimene chayambitsa ndi mankhwalawo.

Pa mankhwala onse a matenda a maganizo amtundu umenewu, olanzapine ndi clozapine ndiwo amanenepetsa kwambiri, risperidone ndi chlorpromazine ali pakatikati, pomwe haloperidol ndi aripiprazole amanenepetsa pang'ono. Mankhwalawa amatseka malo ena mu ubongo olandira histamine ndi serotonin (timadzi tonyamula mauthenga mu ubongo), omwe amathandiza munthu kuzindikira kuti wakhuta. Choncho akamaliza mitanda itatu ya nsima n'kufunsanso chinangwa usiku, musamunene kuti ndi wosusuka, chifukwa njalayo akuimvadi.

Kusiyana kwa iye ndi mnzakeyo n'kumene kukukhudza zotengera kwa makolo. M'chaka cha 2002, kafukufuku wa pakati pa odwala a ku China anasonyeza kuti anthu okhala ndi mtundu wina wa gene (kachidutswa ka malangizo a thupi kamene timatengera kwa makolo) yotchedwa HTR2C ankanenepa pang'ono poyerekeza ndi anzawo. Gene imeneyi ili pa chromosome X (kachingwe konyamula ma gene), imene mwana wamwamuna amailandira kwa mayi ake okha, kotero simunaganize molakwa poyang'ana ku mbali yathu. Mu 2012 ofufuza ena anapeza kuti gene ya MC4R, yomwe imayendetsa chilakolako cha chakudya, ikukhudzidwanso, makamaka pa ana ndi achinyamata amene anali atangoyamba kumene mankhwala. Komabe ma gene okhudzidwa ndi ambiri ndipo iliyonse imangowonjezera kachigawo kochepa, n'chifukwa chake madokotala sadalira kuyeza gene posankha mankhwala.

Chimene amadalira ndi sikelo. Munthu akawonjezera magawo 5 pa 100 a kulemera kwake m'mwezi woyamba, monga makilogalamu 3 kwa wolemera makilogalamu 60, chimakhala chizindikiro choti apitiriza kunenepa, ndipo chodetsa nkhawa si maonekedwe ayi koma shuga, BP ndi mafuta a m'magazi.

Ndikupempheni chinthu chimodzi, azakhali: asasiye mankhwala, ngakhale kudumphitsa masiku, chifukwa matenda aja angabwerere mwamphamvu. Pa tsiku lake la kiliniki ku chipatala chachikulu cha Mulanje mupite naye limodzi ndi buku lake la kuchipatala, mukapemphe kuti amuyeze thupi, shuga ndi BP, ndipo mukafunse ngati angamusinthire mankhwala kapena kumuwonjezera metformin, mankhwala a matenda a shuga amene amathandizanso kuchepetsa kunenepa kotereku. Kunyumbako chepetsani shuga wa mu tiyi, mandasi ndi zakumwa zotsekemera, muchulukitse nandolo ndi masamba, ndipo m'mawa uliwonse azipita nawo kumunda kapena aziyenda ndithu mtunda wotalikirapo, ngakhale mankhwalawo akumupatsa tulo.