Kachitsulo kamene kanandidyera ng'ombe ziwiri

Mphwanga, wafunsa zinthu ziwiri pakamodzi. Ukuti geni ya masipeya a galimoto ochokera ku Joni imayenda bwanji, kenaka ukuti munthu wakutuma camshaft (chitsulo chotsegula mavalavu a injini) yamphamvu ya Nissan 1400 yake, kodi umugulirenso ma-retainer (tizitsulo togwira sipuling'i pamwamba pa valavu) atsopano kapena akale omwewo akwana? Loyambalo n'lachibwana. Umakwera basi, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, umagula, umabwerera. Lachiwirilo ndi limene linandigulitsitsa ng'ombe ziwiri zimene anandisiyira malemu bambo, ndiye khala pansi.

Munali mu Novembala 2023. Anyamata atatu a pano pa Dedza, aja amanyamula mbatatesi ku Bembeke n'kutsika nayo kunyanja, pobwera n'kudzaza usipa, anali atandipatsa ndalama zawo zonse m'makwacha kuti ndikawagulire camshaft zamphamvu. Ati timagalimoto tawo tinkafooka pokwera Khwekhwerere. Ine ndinawauza kuti camshaft zoterezi mphamvu yake imabwera injini ikalira kwambiri, si za katundu wolemera pamtunda. Sanamve. Ndalama n'zawo, ndinalandira.

Ndisanasinthe n'komwe ndalamazo, kwacha inagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Ndinagona ndili bwana, ndinadzuka ndalama zogulira maranda zitaperewera. Kubwerera kwa anyamata aja kukapempha zoonjezera? Ine? Munthu amene ndakhala ndikudutsa zipata zimenezi iwe ukadali kusukulu ya mkaka? Ndinakwera basi choncho.

Ku Johannesburg mkulu wa m'sitolo uja anayala zonse patebulo: camshaft, masipuling'i, ma-retainer ndi makoleti ake, tizitsulo tomanga retainer pa valavu. Anati tenga zonse, zimayendera limodzi. Ndinayang'ana retainer ija, kachitsulo kangati ndalama yoboola pakati, n'kunena mumtima kuti aka nakonso n'kolipirira? M'mainjini mwawo tilimo kale. Ndinatenga camshaft zitatu ndi masipuling'i, zinazo ndinazikankhira kwa mwini wake. Anangopukusa mutu.

Injini ya Nissan 1400, yotchedwa A14, ili ndi mavalavu 8, ndiye ma-retainer 8, makoleti 16 poti amakhala awiriawiri. Valavu yonse moyo wake uli pa tizitsulo timeneti. Camshaft yamphamvu imakankha valavu kutsika mozama kuposa kale, n'chifukwa chake umafuna sipuling'i yolimba, yosapanikizika mpaka kugundana. Koma retainer ili ndi kamlomo kunsi kwake kamene kamalowa m'kamwa mwa sipuling'i. Masipuling'i anga atsopano anali otambalala pang'ono, retainer yakale inkangoyandama pamwamba, sipuling'i n'kumavina, n'kumaidya pang'onopang'ono. Makaniko amene anamanga sanayeze kalikonse, anangoti zalowa.

Sipanathe miyezi iwiri. Foni inalira m'bandakucha, mmodzi mwa anyamata aja ali pakati pa Khwekhwerere, usipa thumba pa thumba, wapondereza giya yachiwiri injini ikukuwa. Retainer inang'ambika, makoleti anathawa, valavu inagwera mu silinda. Pisitoni inakumana nayo. Hedi, mutu wa injini, inang'aluka, pisitoni inabooka pakati moti chala chimalowa. Usipa unanyowa ndi mvula pamsewu pomwepo. Madzulo ake anafika pakhomo panga ndi amalume ake awiri, ndipo ena awiri aja anaimika galimoto zawo kuti sizisuntha mpaka nditakonza. Kukambirana kwake kunali pansi pa mtengo, ine ndili zyoli ngati mwana woba nkhuku. Ng'ombe zinapita sabata yomweyo, pa mtengo wa munthu wothamangitsidwa.

Ulendo wokatenga hedi ina ndi ma-retainer aja ndiye sindidzauiwala. Pa chipata china cha m'njira, sinditchula, bwana wina wovala yunifolomu yosita bwino anang'amba katoni yanga n'kukhuthulira makoleti patebulo ngati akusankha nyemba. Ati risiti yanga ndi yabodza, tizitsulo tonyezimira chonchi sitingakhale totsika mtengo. Anatsegula foni, anapeza ma-retainer a titanium a galimoto za mpikisano, n'kuti mtengo wake ndi uwu, ulipire potengera umenewu. Munthu sadziwa kusiyanitsa valavu ndi msomali! Ndinamuuza kuti anga ndi achitsulo wamba. Anati ndiye katundu agone. Anagona masiku atatu, ine ndikugona pabenchi, basi yanga itapita kalekale. Ankadikira kuti ndinene mawu aja akuti bwana tiyeni tikambirane. Sindinanene, ndalama yake ndinalibe. Pondibwezera katoni makoleti atatu munalibe, anagwera pansi pa tebulo lake kapena m'thumba mwake, akudziwa ndi Mulungu. Kuyambira tsiku limenelo tizinthu tating'ono ndimatimanga m'kapepala ka pulasitiki, ndimalemba nambala pamwamba, ndipo ndimawerenga mokweza pamaso pawo asanagwire. Amanyansidwa nazo. Anyansidwe.

Za munthu wako wa 1400 uja. Ngati camshaft yake ndi yofatsa ndipo masipuling'i akhala omwewo a fakitale, ma-retainer akale atha kukhala, bola makaniko awayang'ane ming'alu ndipo ayeze mpata pakati pa retainer ndi valve seal (kamphira kotchinga oyilo pa valavu) valavu itatsika kotheratu. Mpatawo usachepere milimita imodzi ndi theka, chimodzimodzinso pakati pa mizere ya sipuling'i. Koma ukangosintha masipuling'i, gula ma-retainer opangidwira masipuling'i omwewo, kwa wogulitsa yemweyo, tsiku lomwelo. Makoletinso usasakanize. Ena kupendeka kwake ndi madigiri 7, ena 10, ndi maso amaoneka ofanana ndipo amalowa ndithu, koma sagwira. A titanium asakupusitse, galimoto ya mbatatesi siifuna zimenezo.

Ndipo ndalama ya kasitomala usagone nayo m'makwacha. Sindibwereza.

Awiri aja galimoto zawo zikuyendabe, mmodzi anandituma kale magasiketi kawiri. Wa usipa uja tikakumana pa depoti amayang'ana kumbali. Pisitoni yake yobooka ili pa kauntala m'shopu mwanga, ndimaikamo mabolopeni.