Za alangizi ndi chilanga mulilo, kwa mtsikana amene wafunsa

Mwana wanga, wafunsa kuti utani, poti azakhali ako akufuna upite kwa alangizi usanakwatiwe ndipo pachitike chilanga mulilo, mwambo wophikira mkamwini chakudya, koma anzako a ku pemphero akuti zonsezi n'zachikunja. Ine ndikuti usakane zonse pamodzi. Uyambe wafunsa zimene zikaphunzitsidwe, ndi amene akaphunzitse.

Ulangizi pawokha si tchimo. Pa Tito 2:3-5 Paulo akuti amayi aakulu aziphunzitsa atsikana kukonda amuna awo ndi ana awo. Mipingo yathu inaona zimenezi kalekale. A Reformed Church in Zambia, amene anayambira ku Magwero kufupi ndi Chipata mu 1899, ali ndi alangizi awo a mumpingo, ndipo mipingo ina yambiri muno mu Lusaka ili nawonso. Pita kwa amayi abusa, uwapemphe akusankhire amayi awiri okhwima, kenako azakhali ako akakhale nawo pansi. Akulu akakumana okhaokha, mkangano umachepa.

Pali zina zoti ukane, ndipo ukane mosaopa. Ngati akufuna kukupatsa mankhwala oti mwamuna asamayang'ane kwina, kana. Ngati akufuna kukutsina kapena kukuchititsa manyazi pamaso pa gulu, kana. Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi mawu aja akuti banja ndi kupirira, za m'nyumba sauza anthu. Kupirira umphawi, matenda, kapena kusowa mwana ndi chikhristu ndithu. Kupirira zibakera ayi. Taika m'manda ana a anthu amene anakhala chete chifukwa anauzidwa choncho. Aefeso 5:25 amauza mwamuna kukonda mkazi wake monga Khristu anakonda mpingo, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2011, apolisi alinso ndi Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Mlangizi amene sangakuuze kothawira zinthu zikavuta sanamalize ntchito yake. Ndipo bwenzi lako nalonso lilangizidwe ndi abambo a mumpingo, chifukwa sizoona kuti mkazi yekha ndiye aziphunzira banja.

Chilanga mulilo ndi mwambo wa Abemba umene wafala mumzinda muno. A kwa mkazi amaphika n'kupereka chakudya kwa mkamwini, kumuonetsa zimene amadya kwawo ndi kumumasula kuti azidya kwa apongozi. Ine sindionapo mzimu woipa pa nsima, nkhuku ndi chikanda. Vuto lake masiku ano ndi mpikisano. Zitenge zofanana za ku Kamwala, matenti, ojambula zithunzi za pa Facebook, kenako kitchen party, kenako ukwati weniweniwo. Anthu akutenga kaloba kuti aoneke kwa tsiku limodzi, banja n'kuyamba ndi ngongole, mwezi woyamba kukangana kale za ndalama ya nyumba. Apa ndi pamene chikhulupiriro chako chiyesedwe. Uwauze makolo mwaulemu ndalama imene ilipo, ndipo mwambo ukwane pamenepo.

Anzako a ku pempherowo uwakonde, koma ambiri sanakwatiwe, ndipo si iwo adzabwera usiku mwana akadzatentha thupi. Azakhali akowo ndiwo adzabwera. Ukawaone Loweruka lino, utengeko shuga, uwafotokozere zimene wavomera ndi zimene wakana, ndipo tsiku la mwambo upemphe kuti ayambe ndi pemphero.